Dzina la Amayi pa Puloti 34

Golomoti
10 Juni 2024

Achimwene a Hopeson,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Lilongwe pamodzi ndi alamu. Kuno tadzuka. Amayi msana wawo ndi womwe uja. Kalatayi ndapatsira Praise, kondakitala wa minibasi, chifukwa nambala ya amayi ikakuimbirani masana simuyankha, mumadziwa kuti ndine. Mukaimba nokha amayi amangoti tonse tili bwino, kenako foni amaimanganso pansonga ya chitenje.

Sikuti tonse tili bwino. Nyemba za amayi za pa puloti 34 zatha masabata awiri osaona madzi a m'ngalande.

Pulogalamu yanu yotumiza mameseji a madzi kusikimu ya ulimi wothirira inkayenda bwino mpaka mu Meyi. Lamlungu lililonse mlimi aliyense ankalandira tsiku lake ndi ola lake, ndipo madzi ankatsika monga mwa kale: puloti 1 mpaka 6 Lolemba, 7 mpaka 12 Lachiwiri, choncho mpaka 36 Loweruka. Amayi ankalandira mameseji awiri, ya puloti 7 ndi ya puloti 34. Pa 26 Meyi inabwera imodzi yokha, ya puloti 7. Tinati mwina ndi netiweki. Pa 2 Juni inabweranso imodzi. Dzulo chimodzimodzi.

Amayi anapita kwa a Felix otsegula mageti. A Felix anawaonetsa foni yawo n'kunena kuti, "Mayi Simoni, ine ndine dzanja chabe. Mutu uli ku Lilongwe, ndipo munaubereka ndinu." Kwa a Francis apampando nakonso sanapindule kanthu. Akuti chichitikireni ndewu ya makasu ija chaka chatha, komiti inagwirizana kuti chimene yanena foni palibe wochisintha.

Laputopu yakale ija munanditumizira pa 1 Juni inafika bwino, zikomo. Ndimakatchaja kubabashopu. Munati muli pulogalamu ya sikimu kuti ndiphunzirepo mmene anthu amalembera khodi yaukhondo. Ndaiwerenga yonse. Buku lija la Java, chilankhulo cholembera mapulogalamu, ndinalimaliza kawiri ndisanakhudzepo kompyuta, ndiye sindinasochere kwambiri. M'fayilo yokonza ndondomeko ya madzi muli mizere iwiri iyi, ndaikopera momwe ilili:

Set<Mlimi> oyera = new HashSet<>(alimi);
List<Mlimi> ndondomeko = new ArrayList<>(oyera);

Mukutenga mndandanda wa alimi, kuusandutsa seti, kenako kuubwezanso kukhala mndandanda. Ku Masamu tinaphunzira kuti mu seti chinthu sichilowa kawiri. Dzina la amayi linali kawiri. Lalowa kawiri, latuluka kamodzi.

Pa 13 Julayi komiti idzayendera mapuloti. Puloti yopezeka youma amalanda n'kupatsa wina. Chonde chotsani mizere iwiriyo lisanafike Lamlungu.

Sindikupempha ndalama.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane

*

Area 25, Lilongwe
15 Juni 2024

Iwe Yohane,

Kalata yako ndalandira. Kuno tili bwino. Uwapatse moni amayi, uwauze asiye kunyamula zolemera.

Laputopu ndinakupatsa kuti uphunzire, osati undiike pa mayeso. Watha nayo masiku khumi okha, wayamba kale kuchonga ntchito ya munthu amene amadyera zimenezi. Mizere imeneyo sinagwe yokha kuchokera kumwamba. Ndinailemba dala, ndipo ndikuuza chifukwa chake kuti usadzandifunsenso.

Mu Meyi komiti inanditumizira mndandanda watsopano wa alimi. Mapuloti alipo 36, mayina ndinawerenga 39. Anthu atatu anali atalembedwa kawirikawiri, dzina lomwelo, foni yomweyo, puloti yomweyo, kamodzi kumtunda kwa pepala, kenanso kumunsi komwe maso atopa. Amenewo ndi akuba madzi. Sinditchula mayina, umawadziwa, umakumana nawo kutchalitchi. Seti ndiye mankhwala awo. Ukathira mayina mu seti, lobwereza limagwa lokha, popanda ine kuloza munthu chala.

Seti itamaliza anatsala mayina 35, osati 36. Nditafufuza ndinapeza Josephine Simoni pa 7, Josephine Simoni pa 34. Ukudziwa manyazi amene ndinamva? Lamulo la sikimu ndi munthu mmodzi puloti imodzi, linalipo iwe usanabadwe. Amayi puloti yawo ndi 7. Iyo ya 34 ndi ya ndani? Ngati akulima puloti ya munthu wina chamseri, zimenezo akambirane ndi mwini wakeyo. Ine sindingakonze pulogalamu yothamangitsa akuba atatu n'kusiya khomo lotsegula la mayi anga okha. Anthu angati chiyani? Kuti mwana wa a Simoni anakonza makina omwetsa kwawo.

Ndipo ndikudziwa amene wakutuma. A Francis sanafunepo pulogalamuyi chiyambire. Nthawi imene za madzi zinkalembedwa m'kope, cholembera chinali m'thumba mwawo, madzi ankapita komwe kwapita mowa. Akufuna mwana wa m'nyumba mwathu momwe anene kuti makina alakwa, kuti abwerere ku kope lawo. Iwe wavomera kukhala mbuzi yawo.

Mayeso a Fomu 3 ali pafupi. Werenga Biology, ngalande uzisiye.

Hopeson

*

Golomoti
19 Juni 2024

Achimwene,

Moni wanu ndawapatsa amayi. Za zolemera sindinawauze chifukwa nthawi imeneyo anali ndi ndowa pamutu.

Palibe wandituma. A Francis sindinalankhule nawo chaka chino kupatula moni. Ndipo mukulakwitsa mukamati akudana ndi foni. Masiku ano palibe munthu woikonda foni kuposa iwo. Lamlungu titatuluka m'tchalitchi anaima pansi pa mtengo wa mango akuuza anthu kuti, "Makina alibe m'bale, anzanga. Taonani, ngakhale mayi wake womubereka sanamukondere." Anthu anaseka. Mayi Idah, mlamu wawo uja, ndi amene anaseka kwambiri. Pa anthu odikira puloti, woyamba ndi iwowo. Madzulo aliwonse amadutsa pa 34 ngati njira yakwawo ndi imeneyo, chonsecho kwawo ndi kutsidya kwa msewu.

Za chifukwa chimene amayi amalimira 34 anandiletsa kunena. Ndingokuuzani kuti si kuba, ndipo komiti yonse ikudziwa.

Tsopano china chimene simungachione muli mu ofesi. Seti yanu sinangodya dzina la amayi, yasokonezanso mzere. Sabata yathayi ndikaweruka kusukulu ndimakhala pa geti lalikulu ndi kope, kulemba komwe madzi apita. Za m'mawa ndimafunsa a Felix. Lolemba zinali motere: 22, 3, 31, 14, 9, 28. Lachiwiri: 7, 35, 2, 19, 26, 11. Sabata iliyonse chisokonezo chake ndi chomwechi. A Felix amathamanga ndi njinga kukwera ndi kutsika ngati wotumidwa mankhwala. Kale madzi akachoka pa 13 ankangolowa pa 14, ngalande ili yonyowa kale. Pano akachoka pa 2 kupita pa 19 amayamba amwetsa ngalande youma, pofika pa puloti theka la ola latha. A kumunsi onse akudandaula, koma akuti ndi mtsinje waphwa.

Ndayesa ndekha pa laputopu. Ndinalemba alimi asanu mu ArrayList, woyamba mpaka wachisanu, n'kuwathira mu HashSet. Potuluka wachitatu anali patsogolo, woyamba anali wachinayi. HashSet sisunga amene anayamba kulowa. Bukunso likutero, mwina tsamba limenelo munalidumpha.

Nyemba zayamba maluwa. Mwera ukuwomba tsiku lonse, dothi likung'ambika. Ine ndi amayi tikutunga kumtsinje ndi ndowa, koma 34 ili kutali, ulendo umodzi ndi mphindi makumi awiri kupita kokha. Tikathirira mizere isanu yoyambayo yauma kale. Lachinayi ndi Lachisanu sindinapite kusukulu. Biology mukunenayo ndikuiona ndi maso: duwa la nyemba likasowa madzi limayoyoka lisanabereke.

Amayi anapempha a Felix kuti madzi a puloti 7 awatsegulire ku 34, ya 7 ndiyo tizithirira ndi ndowa popeza ili pafupi ndi mtsinje. A Felix anati meseji yanena 7.

Kwatsala masiku makumi awiri ndi anayi.

Yohane

*

Area 25, Lilongwe
22 Juni 2024

Yohane,

Tili bwino. Alamu ako akupereka moni.

Ulemu wako ukuchepa kalata ndi kalata. Palibe tsamba limene ndinadumpha. Pamene iwe unkaphunzira kumanga zingwe za nsapato ine ndinali nditayamba kale kulemba Java.

Koma za mzere wa madzi wanena zoona, ndipo ine si munthu wokana choonadi chifukwa chachokera kwa mwana. Ndinkafulumira, ndinaiwala kuti kumeneko mndandanda umatsata ngalande. Ndakonza. Pomwe panali HashSet ndaika LinkedHashSet. Imeneyi ndi seti yomwe imakumbukira amene anayamba kulowa ndi amene anatsatira. Usinthe mawu amodzi omwewo pa laputopu yako, uyese ndi alimi ako asanu aja, uona atuluka momwe analowera. Kuyambira mawa madzi azitsika 1, 2, 3 monga kale, a Felix apumitse njinga. Akuba atatu aja akadali panja. Ntchito yaukhondo ndi imeneyo.

Za 34 yankho langa ndi lomwe lija. Ukuti si kuba koma sunganene chifukwa chake. Kuntchito kwathu munthu akabwera ndi mawu otero timamuuza kuti abwerenso akadzapeza chifukwa. Dzulo ndawaimbira amayi, ndawafunsa mwachindunji ngati pali vuto kudimba. Ayankha kuti kulibe, nyemba zili bwino. Ndiye wabodza ndani, iwe kapena amayi?

Ndikamvanso kuti wajomba kusukulu chifukwa cha puloti ya eni ake, laputopu imeneyo Praise abwera nayo kuno.

Hopeson

*

Golomoti
1 Julayi 2024

Achimwene,

Tadzuka. Amayi dzulo sanapite kutchalitchi, msana unakana.

LinkedHashSet yanu ikugwira ntchito. Madzi akutsika bwinobwino ndipo a kumunsi asiya kudandaula. A Felix akuti ndikuthokozereni. Loweruka ndinaima pa 34 kuonerera. Madzi anadzaza pa 33, a Felix anatseka, anayenda ndi madziwo kudutsa pa geti lathu, n'kukatsegula pa 35. Anadutsa pafupi moti ndikanatha kuviika phazi. Amayi anali atakhala pa mzere, sanayang'ane n'komwe. Maola awiri otsala kumapeto, amene akanakhala athu, anapita ku nazale ya mitengo ya komiti. Kale madzi ankatisowa ali kutali, pano akutisowa mwadongosolo.

LinkedHashSet ndi seti ndithu. Imakumbukira mzere koma siilola dzina kulowa kawiri. Mukudziwa zimenezi kuposa ine.

Mwandifunsa kuti wabodza ndani. Chabwino. Ndiphwanya lonjezo, ndipo mlandu wake ukhale wanu.

Puloti 34 ndi yanu.

Manambala anabwera chaka chatha pamene ankakonzekera pulogalamu yanuyi, ndiye simungaizindikire. Inu mumaidziwa kuti ya pachulu, ija bambo anakulembetserani muli Fomu 2, mmene munkadzala anyezi nthawi ya holide. Tsiku lotsatira maliro a bambo athu, a Francis anakufunsani za puloti imeneyi. Ine ndinali pakhonde, ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma mawu anu ndikuwakumbukira: "Matope amenewo apatseni ena, ine sindidzabweranso kudzapalasa kuno." Amayi anati chabwino. Inu mutakwera minibasi anapita kukomiti n'kuilembetsa m'dzina lawo.

Lamulo la munthu mmodzi puloti imodzi lili ndi mchira umene munauiwala. Kholo likhoza kusungira puloti mwana amene ali kutali, m'dzina la khololo, bola chaka chilichonse poyendera aipeze yobiriwira. Ikauma kamodzi kokha imapita. Amayi aisunga zaka zisanu. Amati tauni ili ngati nyumba ya lendi, tsiku lina mwini wake amafuna makiyi, ndipo mwana wawo asadzabwere n'kusowa poponda. Nyemba zimene amakutumizirani mu Ogasiti, zija alamu amati zimapsa msanga, zimachokera mmenemo. Sanafune mudziwe chifukwa munanena kale kuti simuifuna, ndipo iwo sapempha munthu kawiri.

Tsono ndikuuzeni pomwe pali cholakwika, popeza simufuna kuchotsa seti. Mu kalasi ya Mlimi, gawo la khodi lofotokoza mlimi, muli zinthu zitatu: dzina, foni, puloti. Koma equals ndi hashCode zanu, zimene zimauza seti kuti zinthu ziwiri ndi zofanana, zimangoyang'ana dzina ndi foni. Ndiye seti ikaona Josephine wa pa 7 ndi Josephine wa pa 34 imati ndi chinthu chimodzi, imasunga woyamba n'kutaya wachiwiri. Onjezeranimo puloti m'malo onse awiri. Akuba anu atatu analemba puloti yomweyo kawiri, ndiye agwabe. Amayi atsala. Ndayesa kuno ndi mayina onse 39, atuluka 36, ndipo 34 ili pakati pa 33 ndi 35. Ndi mizere iwiri basi. Ndikanatha kuifikira kompyuta yanu ya ku Lilongwe ndikanakonza ndekha osakuuzani.

Theka la nyemba lapita. Mizere ya kufupi ndi chulu ikadali ndi moyo chifukwa ndi imene timathirira. Meseji ya pa 7 Julayi ikabwera ndi 34, tidzakhala ndi madzi Loweruka pa 13 m'mawa, komiti isanafike masana. Mwina akaona dothi lonyowa ndi meseji pafoni adzamva kuti vuto silinali la amayi.

Laputopu mukaifuna itengeni.

Yohane

*

Golomoti
8 Julayi 2024

Achimwene,

Sindifunsa za moyo wanu, ndikudziwa muli bwino.

Dzulo meseji yabwera imodzi.

Ndinkaganiza kuti simukudziwa. Tsopano mukudziwa zonse, ndipo mwasankha kukhala chete. Ndakuimbirani kanayi pa foni ya amayi iwo ali kubafa, kachinayi munadula. Ngati munakwiya kuti anakusungirani matope, mukanangonena, tikanasiya kutunga. Amayi akuyenda chowerama. Mayi Idah dzana anabwera ndi chingwe, akuti akungofuna kudziwa kutalika kwa mizere yathu poyerekeza ndi ya kwa mchemwali wawo. Amayi anawagwirira nsonga ya chingwecho.

Mayeso ayamba lero. Pepala la Masamu linali ndi funso la maseti. Ndinalikhoza.

Praise sindinamuone sabata yonse, ndiye iyi ndapatsira dalaivala wa lole ya makala. Akaisiya pagolosale pomwe paja.

Yohane

*

Area 25, Lilongwe
15 Julayi 2024

Yohane mphwanga,

Makalata ako onse awiri ndawalandira lero m'mawa, pamodzi. Minibasi ya Praise inafera ku Salima pa 2 Julayi, inakhala kugalaja masiku khumi ndi awiri kalata yako ili m'bokosi la kutsogolo. Ya wa makala inafika Lachitatu, koma wa golosale anaisunga kuti adzandipatsire limodzi ndi ya Praise. Mafoni ako ndinawaona. Ndinali pa msonkhano, ndipo ndinkaganiza kuti ukufuna kupitiriza mkangano. Sindinasankhe kukhala chete. Ukhulupirire kapena ayi, zili ndi iwe.

Koma nawenso unalakwa. Masabata atatu wakhala ukundilembera za HashSet, za njinga ya a Felix, za maluwa a nyemba, chonsecho mawu anali atatu okha: puloti ndi yanu. Ukanalemba amenewo pa 10 Juni bwenzi zonsezi kulibe. Unasunga lonjezo, nyemba n'kumauma. Ndi nzeru zimenezo? Ndipo amayi, ndinawafunsa ndi pakamwa panga. Munthu ungamuthandize bwanji akukuuza kuti zonse zili bwino?

Ndakonza. Ndawonjezera puloti mu equals ndi mu hashCode monga unanenera. Ndayesa katatu, akutuluka 36. Unalondola. Ndinalemba kalasi ya Mlimi ngati ndikuwerenga anthu, pomwe chimene chimamwa madzi ndi puloti. Lamlungu likubwerali amayi alandira mameseji awiri.

Ndawaimbira a Francis. Akuti anayendera kale Loweruka, koma chigamulo adzalengeza pa msonkhano wa pa 20. Ndiye mpata ulipo. Muenivelopu muno muli kalata ina ya kukomiti. Ndalembamo kuti cholakwa ndi changa, kuti pulogalamu ndi imene inawamana madzi amayi kuyambira pa 26 Meyi, ndipo ndasindikiza mameseji onse kuti aone okha. Ukaipereke m'manja mwa mlembi, osati mwa a Francis, ndipo ukaonetsetse kuti yawerengedwa pagulu. Ndikanabwera ndekha koma sabata ino tikupereka ntchito kwa kasitomala, abwana sangandilole.

Amayi ndawaimbira kasanu, sakuyankha. Uwauze kuti mawu aja ndinanena maliro ali m'mutu. Uwauze kuti chulu chija ndimachikumbukira, ndi pomwe bambo ankakhala akamandikalipira kuti ndadzala anyezi mothithikana. Uwauze asatungenso madzi.

Laputopu ndi yako, sindiitenga.

Mkulu wako,
Hopeson

*

Golomoti
22 Julayi 2024

A Hopeson,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi apongozi anga. Ine ndilipo. Ndalemba ndekha chifukwa Yohane akuti iye makalata anamaliza. Mukhululuke zilembo, dzanja linazolowera khasu.

Wandiuza kuti anaulula. Sindinamukalipire. Mwanayu watunga madzi mwezi wathunthu, mapewa ake anasupuka, ndipo palibe tsiku anadandaula.

Kalata yanu inawerengedwa pa msonkhano, mlembi anaiwerenga yonse mpaka dzina lanu kumapeto. Munalemba bwino. Ena anati mwana wa a Simoni ndi wolemekezeka, wavomera kulakwa pagulu. Kenako a Francis anaimirira ndi chitsamba cha nyemba chimene anazula pa 34 tsiku loyendera. Anachifikisa m'manja, chinangoti fumbi. Anati, "Lamulo likuti puloti ipezeke yobiriwira. Silifunsa kuti anaiumitsa ndani. Komanso mwini wake weniweni ndi amene anatseka madzi, ndiye tidandaulire ndani?" Anthu anakweza manja. Amene anakana anali asanu, a Felix anali mmodzi wa iwo. Ine sindinakweze mbali iliyonse.

Puloti anapatsa Mayi Idah. Tsiku lomwelo madzulo anazula zotsala zonse. Anandibweretsera nyemba zimene zinali zitakhwima kuchulu kuja, zinakwana mbale imodzi. Ndinalandira.

Mukuti mawu aja munanena maliro ali m'mutu. Ndamva. Inenso tsiku limenelo maliro anali m'mutu, koma m'mawa mwake ndinapita kukomiti. Pa foni ndinakuuzani kuti zonse zili bwino chifukwa munandifunsa ngati wapolisi. Munali mutaona kale dzina langa kawiri n'kuganiza kuti mayi wanu ndi wakuba madzi. Mwezi wathunthu munakhala nalo ganizo limenelo osandifunsa kuti amayi, kodi 34 ndi chiyani. Munafunsa makina.

Musabwere chifukwa cha nkhaniyi, palibe chotsala choti mudzaone. Mukadzafuna kubwera mudzabwere chifukwa kuno ndi kwanu.

Chimene ndalemberatu ndi ichi. Dzulo foni yanga yalira kawiri, ya 7 ndi ya 34. Mayi Idah sanalandire kanthu. Afika pakhomo pano m'mawa uno akukuwa kuti a Simoni akufuna kuwabera madzi ndi makina a mwana wawo, anthu anadzaza mpaka kumsewu. A Felix akuti iwo sadziwa choti achite Loweruka, chifukwa foni ikunena ine pomwe komiti ikunena Idah. Ndiye konzaninso. Pa 34 muchotse dzina langa, mulembe Idah Chimbalanga. Nambala yawo ya foni ndalemba kuseri kwa pepalali, muikopere bwino osalakwitsa. Muchite lisanafike Loweruka. Mayiyo wawokera kale tomato, ndipo tomato wongowokera sapirira ludzu ngati nyemba.

Ndine mayi wanu,
Josephine Simoni